Buluku la Alufonso pa Msewu wa ku Ntchisi

Tinanyamuka pa Madisi dzuwa lisanatuluke, mwezi wa Julaye, mphepo ikuchita kuluma makutu. Ulendo unali wa ku Ntchisi, kumene akhristu a maparishi angapo anapangana kuti akapempherere dziko lathu, ndipo kwaya yathu ndiyo inapatsidwa nyimbo zotsegulira. Tinakwera lole ya bambo wina wa sitolo, yomwe dzulo lake inanyamula mabelo a fodya. Aliyense analipira matambala makumi atatu, fungo la fodya tinangolandira laulere.

Mtsogoleri wathu anali Amayi Nambewe, mayi wamtali wa mawu ngati belu la tchalitchi. Madiresi aafupi ankadana nawo monga mlimi adanira ndi anankafumbwe. Masiku amenewo boma linali litaletsa madiresi oonetsa mawondo, tsitsi lalitali kwa amuna, ndi mabuluku otambalala kumapazi aja ankati belibotomu. Ena ankang'ung'udza chamumtima, koma Amayi Nambewe ankati limenelo ndi pemphero lawo loyankhidwa.

"Dziko limayamba kuola pa mavalidwe," anatero lole isanafike n'komwe pamsewu waukulu. "Lero tikapemphere kuti ana athu akhale ndi manyazi."

Tonse tinati ame, ngakhale mlongo wanga Alufonso, yemwe anakhala pakona atadzikulunga m'bulangete mpaka kumapazi. Alufonso anali atangobwera kumene kuchokera ku migodi ya ku Joni, ndipo ndiye ankaimbitsa kwaya. Popanda dzanja lake, ife tinkayamba nyimbo aliyense nthawi yakeyake.

Dzuwa litatuluka, anataya bulangete n'kuimirira kuti tiyeseze nyimbo. Maso athu tonse anathamangira kumiyendo kwake. Mlongo wangayo anali atavala buluku lofiirira, lothina m'ntchafu, koma kumapaziko mwendo uliwonse ukanabisa nkhuku ndi anapiye ake. Ine manyazi anandigwira, ndinalakalaka kulowa pansi pa thumba lomwe ndinakhalira.

"Alufonso, mwana wanga," anatero Amayi Nambewe, "ukupita kukapemphera kapena kukasesa bwalo?"

"Amayi, ku Joni anthu aulemu amavala chonchi."

"Kuno ndi ku Dowa."

Tisanafike pa Mponela, dalaivala anaima kuti athire madzi m'injini. Pamenepo tinakumana ndi bambo wina akukankha njinga, nkhope ili gwa, buluku lake litadulidwa m'mawondo, mwendo wina kutalika wina kufupika. Tinam'patsa moni, iye n'kuyang'ana Alufonso kuyambira kumutu mpaka kumapazi.

"Achimwene, ngati muli ndi kwina kopita, pitani," anatero. "Pamphambano ya ku Ntchisi pali anyamata a chipani, makadi akuona, sizasi ali nayo. Langa limeneli linali latsopano m'mawa uno."

Alufonso anayang'ana kumapazi kwake. Buluku lina analibe, ndipo munthu sangaime patsogolo pa ansembe ndi khamu lonse atavala zodulidwa ngati mbusa wa ng'ombe. Akanabwerera, kwaya yathu ikanakachita manyazi. Tonse tinayang'ana Amayi Nambewe. Ine ndinkadziwa kuti anena kuti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima, atsike.

Iwo anangopisa dzanja m'duku lawo n'kusolola singano yomwe ankayenda nayo nthawi zonse, ulusi wakuda utakulungidwa pamenepo.

"Khala pansi. Bweretsa mwendo."

Mwendo wina anatenga iwo, wina anandipatsa ine, singano yachiwiri inachokera kwa mayi wina woimba alito m'kwayamo. Sitinadule kanthu, tinkangopinda nsalu yotsalayo m'kati n'kumasoka. Dalaivala tinamuuza kuti ayende pang'onopang'ono, koma msewu sunamve nawo pempholo. Lole ikagwa m'dzenje, singano inkapeza mnofu, Alufonso n'kukuwa.

"Imba, usalire," anatero Amayi Nambewe. "Ku Joni sanakuuze kuti ulemu umapweteka?"

Tinafika pamphambano ulusi womaliza ndikuudula ndi mano. Anyamata aja anakwera, tinaonetsa makadi athu a chipani, kenaka mmodzi anauza amuna onse kuti aimirire. Alufonso anaimirira movutikira, miyendo ili njo ngati ya kakowa. Mnyamatayo anayang'anitsitsa buluku lija.

"Mwaona madala awa?" anauza mnzake. "Awa ndiye mavalidwe a munthu wokonda dziko lake."

Tinadzigwira mpaka titakhota. Kenaka chiphwete chinaphulika moti dalaivala anasuzumira kuti aone ngati wina wagwa. Chimwemwecho tinachitsitsira ndi zitumbuwa ndi mtedza wophika zomwe tinagula pawindo la kagolosale, koma Alufonso yekha anakanitsitsa kutsika.

Kuchoka pa Mponela msewu unali wafumbi, wokwera ndi wokhotakhota. Minda inali itakololedwa, mapesi ali mbwee, zigafa zoyanikamo fodya zili zopanda kanthu. Pachitunda china lole inatsokomola n'kuzima, amuna onse anatsika kukankha, kupatula woimbitsa kwaya wathu amene sakanatha kupinda bondo. Phiri la Ntchisi linaonekera patsogolo, lakuda ndi mitengo, mutu wake uli m'nkhungu.

Tinafika chakumasana, anthu atadzaza kale bwalo la tchalitchi. Tinaimba bwino, ndisaname. Alufonso ankaponya manja ngati sanabayidwepo. Chapafupi ndi ife, pamipando yakutsogolo, panakhala akuluakulu a boma ndi a chipani, ndipo mmodzi ankagwedeza mutu motsatira nyimbo.

Kenaka wansembe anati, "Tiyeni tonse tigwade, tipempherere dziko lathu."

Zogwadazo palibe anaziganizira posoka paja. Alufonso anayang'ana kumwamba, anayang'ana kwa ine, n'kutsika pang'onopang'ono. Bondo litangogunda pansi, ndinamva kuti thethethe! Ulusi unaduka miyendo yonse iwiri, belibotomu n'kudziyala pafumbi, lonse lathunthu, pafupi penipeni ndi nsapato za akuluakulu aja.

Amayi Nambewe anali atayala kale chitenje chawo pansi kuti agwadire, monga timachitira amayi. Osatsegula n'komwe maso onse, anachisolola pansi pa mawondo awo n'kuchiponya pa miyendo ya Alufonso. Iwo anagwada pamiyala. Pempherolo linali lalitali, tinapempherera mvula, atsogoleri, odwala, ana asukulu ndi amene ali kutali kumigodi, koma mayiwo sanasunthe. Mawu awo a ame ndiwo ankamveka kuposa a tonse. Pomaliza, amayi a kwaya tinamuzungulira Alufonso n'kutuluka naye pakati pathu, tikuimba.

Pobwerera madzulo Alufonso anakhalanso m'bulangete lake. Titayandikira Madisi ndi pomwe analankhula.

"Amayi, bwanji simunangondisiya kuti andidule? Paja buluku limeneli mukudana nalo."

"Ndikudana nalo ndithu, ndipo mawa likagone kwa telala," anayankha. "Koma ine ndimapempherera kuti anthu avale. Sindinapemphererepo kuti munthu avulidwe pagulu."

Ndakhala ndikupempherera dziko lino zaka zambiri chichokereni tsiku limenelo, ndipo mawu a mapemphero a ku Ntchisi aja ndinaiwala onse. Chimene ndimakumbukira ndikamagwada ndi Amayi Nambewe akutsika lole pa Madisi, akutsimphina pang'ono, akuthothola timiyala tomwe tinakanirira m'mawondo mwawo.