Chimfine Pansi pa Nyanja

Ine ndine wa ku Ntcheu, ndipo madzi ambiri amene ndinawaona ndili mwana anali a m'dambo la kumunsi kwa sukulu yathu, ofika m'mawondo. Kusambira ndinakaphunzirira ku Doha ndili mayi wamkulu kale, m'dziwe la pahotela imene ndinkagwirako ntchito. Ndinkapereka matawulo kwa alendo ndi kukonza mipando ya m'mbali mwa dziwelo. Mabwana ankafuna kuti aliyense wogwira pamenepo azidziwa kuyandama, kuopa kuti tsiku lina mlendo angavutike n'kuvuula wantchito.

Korona atafika, dziwe analitseka. Hotela inasanduka malo obindikiritsa anthu ochokera kunja asanaloledwe kulowa mumzinda. Ine ananditumiza ku zipinda za pamwamba. Ndinkavala pulasitiki kuyambira kumutu mpaka kumapazi, kusiya chakudya pakhomo, kugogoda, n'kuthawa, kenako kubwerera kudzatola zinyalala. Thukuta linkatsikira m'nsapato, ndipo tsiku linkatha osaona nkhope ya munthu. Ntchito imeneyo ndinkadana nayo.

M'nyengo yomweyo lamulo la ntchito linasintha. Kale munthu akafuna kusintha ntchito ankayenera kupempha kalata ya chilolezo kwa bwana wake, ndipo mabwana ambiri kalatayo ankaumira nayo. Tsopano kunangofunika kupereka notisi. Tonse tinayamba kusuzumira uku ndi uku ngati nkhuku zimene angozitsegulira khola.

Panali mayi wina wa ku Philippines, wamfupi, wamapewa otambalala, amene matenda asanabwere ankabweretsa ophunzira ake m'dziwe lathu. Ankaphunzitsa kudayiva, kutanthauza kuyenda pansi pa nyanja utabereka silinda ya mpweya kumsana. Anandiimbira foni kuti kampani yaing'ono imene ankagwirako ikufuna wothandizira wamkazi, chifukwa amayi ambiri achiarabu safuna kuti mwamuna aziwagwira powaveka zida. Ntchito inali yotsuka zidazo, kuveka ophunzira ndi kulowa nawo m'madzi. Mwini kampani anaika lamulo limodzi lokha: ndikhale ndi satifiketi yoyamba ya kudayiva mwezi usanathe, apo ayi malowo apereka kwa wina. Notisi ndinaipereka tsiku lomwelo.

Ndinkagona ku Al Mansoura, dera lina la mu Doha, m'chipinda cha mabedi osanjikiza chimene tinkapanikizanamo amayi a mayiko osiyanasiyana. Mmalawi mnzanga anali mmodzi, mayi wa ku Mchinji wogwira kochapa zovala, wamkulu kwa ine. Ndinkawatcha asisi.

"Iwe, wapereka notisi satifiketiyo usanaigwire m'manja?" anandifunsa asisiwo patapita masiku angapo. "Fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ndi wa mphepo."

"Asisi, za m'kalasi ndi za mu pulu ya kampani ndamaliza kale. Kwatsala madayivi folo a m'nyanja, khalasi, basi zatha."

"Madayivi folo. Munthu wa ku Ntcheu." Anapukusa mutu n'kupitiriza kusita yunifolomu yawo.

Madayivi anayiwo tinawagawa pa Lachisanu awiri, popeza ndilo linali tsiku langa lopuma. Lachisanu loyamba mphunzitsi, mayi wa ku Philippines uja, ananditenga pa galimoto yodzaza masilinda, tinalowera kum'mwera kwa mzinda mpaka kumene milu ya mchenga imathera m'nyanja. Inali nyengo yozizira ya kumeneko, ya kamphepo kolowa m'makutu. Kuvala suti ya labala kunanditengera nthawi yaitali kuposa kuvala pa tsiku la ukwati wanga. Pamwamba pake ndinamanga lamba wa zitsulo zolemera, jekete lopopamo mpweya, ndi silinda. Ine amene ndinasenzapo ndowa kuchokera kudambo ndinkadziyesa wamphamvu, koma katundu wakumsana ndi wina. Ndinayenda chowerama mpaka kumadzi, zipsepse za kumapazi zili m'manja.

Magalasi a kumaso amachita nthunzi m'madzi, ndipo mankhwala ake akale n'kuwalavulira n'kupukuta ndi chala. Chaka chimenecho malovu anali mlandu, choncho tinkapakamo sopo wa ana. Mphunzitsi anandikumbutsanso za makutu. Ukamatsika, madzi amakanikiza makutu, ndiye umatsina mphuno n'kupemerera pang'ono kuti mpweya ulowe m'kati mwa khutu. Umachita zimenezo pafupipafupi, usanamve kuwawa. Anati n'chifukwa chake munthu wa chimfine saloledwa kudayiva, ndipo m'mawa uliwonse asanatsitse masilinda ankafunsa ngati mphuno ili bwino.

Pansi pa nyanja sipanali ngati za pa wailesi ya kanema. Madzi anali obiriwira, a mbuu, moti mphunzitsi akangopita patsogolo pang'ono ndinkangoona zipsepse zake zachikasu. Phokoso lonse linali la kupuma kwanga, lalikulu ngati la ng'ombe. Ndinafika pansi ndi matako, n'kuvundula mchenga wonse. Titagwada pamchengapo ndinachita zimene ndinaphunzira m'dziwe: kulavula paipi yopumira n'kuipezanso, kulowetsa madzi m'magalasi n'kuwatulutsa ndi mpweya wa m'mphuno. Madzi a m'dziwe samaluma m'maso. A m'nyanja amaluma, ndipo ndinatukwana m'paipi momwemo.

Ulendo wachiwiri tinasambira mpaka pa galimoto yakale imene anthu anaimiza dala kuti nsomba zizikhalamo. Inali itamera zinthu zoterera thupi lonse. Nsomba ina yamizeremizere inali pampando wa dalaivala, ndipo inandiyang'ana mmene alendo ena ankandiyang'anira ndikawapatsa tawulo. Pamenepo m'pamene ndinakwanitsa kuyandama pakati, osagunda pansi, osakwera pamwamba. Ndikakoka mpweya ndinkakwera pang'ono, ndikautulutsa ndinkatsika. Panalibe wondiitana, panalibe chitseko chogogoda. Ndinasangalala kwambiri, ndipo pobwerera ku Doha ndinagona m'galimoto pakamwa pali yasa.

Lachitatu la sabata yotsatira ndinadzuka pakhosi pakukanda. Pofika madzulo mphuno inali itatseka.

Amene sanakhalepo kumeneko nthawi imeneyo amafulumira kunena kuti ndikanangouza anthu. Masiku amenewo chimfine sichinali cha munthu mmodzi. Pakhomo lililonse panali mlonda wokuloza kachida koyezera kutentha pamphumi, ndipo pafoni ya aliyense panali chizindikiro chimene chinkayenera kukhala chobiriwira kuti ulowe m'basi kapena m'sitolo. Mmodzi akapezeka ndi matendawo, chipinda chonse chinkatsekeredwa. Tonse tinali titaphunzira kumeza chifuwa ndi kuyetsemulira m'pilo. Ine ndinali ndi zanga zowonjezera: mwezi unali kutha, ndipo notisi inali kuyenda.

Asisi anandimva ndikufwenthera kubafa.

"Usayerekeze kukanena kuofesi," anandinong'oneza. "Ukufuna tonse atitengere ku kwarantini? Thupi likutentha?"

"Ayi asisi, ndi mphuno yokha. Koma Fulayide ndili ndi dayivi. Ticha akamva chimfine sandilola."

"Mafi mushkila, palibe chovuta. Mphuno ndiye vuto? Tikufukiza."

Chaka chimenecho kumudzi aliyense ankafukiza. Abale ankatitumizira zithunzi za anthu atafunda mabulangete pa miphika ya masamba a bulugamu, ndipo mitengo ya m'mbali mwa misewu akuti inatsala yosadzuka masamba. Ku Al Mansoura kunalibe bulugamu woti n'kuthyola, koma asisi anali ndi kabotolo ka mafuta ake, kogula ku sitolo ya amwenye. Lachisanu m'mamawa anawiritsa madzi m'ketulo kangapo mpaka beseni linadzaza, anadulira mandimu ndi jinja, n'kudonthezamo mafutawo mosaumira. Anandigwaditsa, anandifunditsa bulangete, iwo n'kukhala pamphepete pake kuti ndisathawe.

"Koka mpweya! Yala, tiye, kokanso!"

Ndinatuluka m'menemo maso ali psuu, koma mphuno ili pululu, mpweya ukudutsa mbali zonse ziwiri. Ndinatsina mphuno n'kupemerera, makutu onse anayankha. Asisi anandiyang'ana monyadira ngati achiritsa wakhate.

Mphunzitsi atafunsa za mphuno, ndinakoka mpweya wautali pamaso pake. Anagwedeza mutu n'kuyamba kutsitsa masilinda. Tinachedwa kulowa m'madzi chifukwa tinkadikira ophunzira ena awiri amene galimoto yawo inatitimira mumchenga. Ndinakhala pamphepo nditavala suti ya labala ija, ndikumva kuti kumanzere kwa mphuno kwayamba kulemera.

Kutsika kunayenda, ngakhale khutu lamanzere linafuna kulikakamiza. Tsikulo tinapita pakuya kuposa poyamba, pomwe madzi anali ozizira ndithu. Ndinasambira motsata kampasi yolozera njira, kupita ndi kubwerera, n'kupeza chingwe chimene tinatsikira. Mphunzitsi anandiwombera m'manja m'madzi momwemo. Kenako analoza kumwamba, tinayamba kukwera.

Apo m'pamene ndinaphunzira chimene sindinachimvetse m'kalasi. Mpweya umene waulowetsa m'khutu potsika umafufuma ukamakwera, ndipo umayenera kutuluka njira yomwe unalowera. Mphamvu ya mafuta a asisi inali itatha tili pansi, njirayo n'kutsekekanso. Nditangokwera pang'ono, khutu lamanzere linabaya ngati wina walowetsamo msomali. Ndinaloza khutu n'kugwedeza dzanja, chizindikiro chakuti zinthu sizili bwino.

Mphunzitsi anandigwira jekete n'kunditsitsa pang'ono. Kuwawa kunaleka. Anandionetsa kuti ndimeze malovu, ndigwedeze nsagwada, ndipendeketse mutu. Tinayesanso kukwera, msomali uja unabwerera. Tinatsika, tinadikira, tinayesanso. Ndinkangoona maso ake m'magalasi, osaphethira, ndipo nthawi ndi nthawi ankatembenuza geji ya silinda yanga kuti aone mpweya wotsala. Muvi wake unali kuyandikira pofiira. Ndinachita mantha, koma mantha ake anali odekha modabwitsa. Ndinkangoganiza kuti munthu akadwalira pamtunda amagona pomwepo n'kudikira, koma pansi pa nyanja sungadikire kupitirira mpweya umene wabereka.

Pomaliza analoza kumwamba ndi chala chosalola kukambirana. Tinakwera pang'onopang'ono, dzanja lake lili pachifuwa panga, ine ndikuluma paipi. Kenako m'mutu munamveka kuti phu. Kuwawa kunatha nthawi yomweyo, madzi ozizira analowa m'khutu, ndipo nyanja yonse inayamba kuzungulira. Sindinadziwenso kumwamba ndi pansi. Mayi uja sanandisiye mpaka mutu wanga unatulukira padzuwa. Anapopa jekete langa, anandigoneka chagada, n'kundikokera kumtunda. Ndinasanza pamchenga, m'khutu mukutuluka timagazi.

Kuchipatala anayamba ndi kunditokosa m'mphuno, monga ankachitira ndi aliyense. Korona sanamupeze. Chinali chimfine wamba, cha mphepo. Dokotala anaunika khutu n'kunena kuti kachikopa ka m'kati kang'ambika, kadzapola kokha, koma ndisalowetse mutu m'madzi kwa miyezi ingapo. Dayivi yachinayi, imene inali itatsala, inalephereka pamenepo.

Mphunzitsi anandidikira panja. Sanandikalipire. Anafunsa zimene ndinachita m'mawa, ndipo ndinamufotokozera za beseni ndi bulangete.

"Ukanandiuza, ndikanangokuuza kuti ubwere sabata yamawa," anatero. "Bwana ndikanalankhula naye. Sabata imodzi akanadikira. Miyezi sangadikire."

Sanadikiredi. Malowo anapatsa mayi wina wa ku Kenya amene anali ndi satifiketi kale. Ndinakwiya, koma ndinasowa womukwiyira. Asisi anandiphikira tiyi wa jinja, anandipepesa mochokera pansi pa mtima, kenako sanapirire.

"Komatu mphuno inatseguka," anatero. "Zimenezo usandikanire."

Notisi yanga inali itatsala pang'ono kutha, ndipo munthu wopanda ntchito kumeneko sakhalitsa. Ndinavala yunifolomu yosita bwino, ndinaika thonje m'khutu, n'kupita kuofesi ya olemba antchito kuhotela. Munali anthu angapo pa madesiki awo. Bwana wake anali bambo wonenepa amene tsiku lopereka notisi ndinamutsanzika ndi mawu okweza pang'ono kuposa mmene zinafunikira. Ndinaima chakumbali kwa desiki lake, manja kumbuyo, n'kupempha kuti notisiyo aifafanize.

Anayankha kanthu kena ali chiyang'anire kompyuta. Iye anali ndi masiki kukamwa, ine ndinali nditamulozetsa khutu lathonje.

"Pepani bwana, sindinamve. Mubwereze."

Anatembenuka, anatsitsa masiki, n'kukweza mawu kuti ofesi yonse imve.

"Ndati, nyanja yakulavula?"

Ndinati inde bwana. Ananena kuti malo alipo ku zipinda za pamwamba, kwa obindikiritsidwa, ndipo ndikatenge pulasitiki wanga kosungira katundu ndisanaweruke. Zimenezo ndinazimva kamodzi kokha, osafuna kuti abwereze.