Makatoni a Bamake Chipo M'thiraki Yanga ya Nsomba

Inu owerenga, m'nyumba imene ambuya anga anandilereramo ku Maramba lero mukugona anthu ena, ndipo amene ndinachititsa ndine. Sindinabe ndalama, sindinamwere, sindinatchove juga. Ndinangolephera kukana pa tsiku limene ndinayenera kukana. Ndalemba izi makamaka kwa inu anzanga a malonda ang'onoang'ono amene mwayamba kupeza ngongole zoitanitsira katundu kunja kwa dziko.

Makolo anga anamwalira motsatizana ndili wamng'ono, ndipo amene ananditenga ndi ambuya, amayi awo a mayi anga. Kwawo ndi ku Katete, koma anabwera kuno ku Livingstone ali mtsikana, kutsatira amuna awo omwe ankagwira ntchito ya njanji. Amunawo atamwalira anawasiyira nyumba, ndipo ambuya ankadzidyetsa ndi tebulo la nsomba mumsika wa Maramba. Ine ndinakulira pansi pa tebulo limenelo. Mwana wamasiye amaphunzira msanga kukhala chete n'kumayang'ana nkhope za anthu, kuti adziwe amene wakwiya ndi amene lero angamugawireko chitumbuwa. Ndinakula wotero, wosalankhulalankhula koma woona zonse.

Pafupi ndi tebulo lathu panali tebulo la bamake Chipo, mayi wansangala wogulitsa zodzola ndi mawigi. Sindingawanamizire, anandithandiza. Nsapato zanga zoyamba za kusukulu anagula ndi iwo. Ambuya atagonekedwa m'chipatala, ndinkadya kwawo ndi kugona pamphasa imodzi ndi Chipo. Msika wonse unkadziwa zimenezi, ndipo iwo sankatopa kuzikumbutsa.

Miyendo itayamba kuwavuta ambuya, tebulo ndinalitenga ine. Tinkagulitsa nsomba za m'firiji zochokera ku Namibia, koma tinkazipikula kwa amalonda akuluakulu a m'tauni, moti phindu linali lochepa. Ndinalimbikira mpaka ndinagula mafiriji anga, ndinalembetsa kakampani, n'kuyamba kupereka nsomba m'malo odyera ndi m'nyumba zogona alendo za kufupi ndi bwalo la ndege.

Kenaka tinamva kuti banki ina yaikulu ya chitukuko yapereka ndalama ku banki yathu ya m'tauni kuti izithandiza amalonda ngati ife kuitanitsa tokha katundu kunja. Ndinapitako ndikuchita mantha. Mayi wa kubankiko anandilongosolera bwinobwino. Ndalama sakupatsa m'manja. Banki imalipira mwini nsomba ku Namibia, nsomba zimabwera ndi mapepala onena zonse zimene zili m'thiraki, zimaikidwa pa inshuwalansi, ndipo iwe ukagulitsa umabweza m'miyezi yochepa. Anandiuza mobwereza kuti zolembedwa pamapepala ndi zokhazo zoyenera kupezeka m'thiraki, osaonjezerapo ngakhale kathumba kamodzi. Ndinamva, ndipo sindinganame kuti sindinauzidwe.

Chikole chinali nyumba ya ambuya. Tsiku lokadinda chala anavala chitenje chawo cha kutchalitchi, ndipo nditawafunsa m'minibasi ngati akufunadi, anandikalipira.

"Iwe, nyumba ija ni ya ndani ngati si yako? Leka kunjenjemera monga nkhuku yonyowa, tiye."

Ulendo woyamba unayenda bwino. Nsomba zinafika, zinatha msanga, ndipo ngongole ndinabweza nthawi yake isanakwane. Ulendo wachiwiri anandilola kuitanitsa thiraki yodzaza, yoti ifike Khirisimasi isanayandikire.

Inu owerenga, pamsika pathu pali chizolowezi chimene timati kukwezako. Mnzanu akakhala ndi galimoto yochokera kunja, ena amaikamo tikatundu tawo kuti asalipire ulendo okha. Wokana amatchedwa wodzikonda, ndipo amauzidwa kuti maliro ake adzakumba yekha. Ambuya nawonso katundu wawo anayenda zaka zambiri m'magalimoto a anzawo. Tonsefe tinakula ndi chizolowezi chimenechi.

Tsiku lina bamake Chipo anabwera n'kukhala pa kireti yanga akudzikupiza ndi katoni.

"Mwana wanga, namvera uli na thiraki manje, wakhala bwana! Nili na tumakatoni twanga pa Katima, paboda ya Namibia, mafuta ya kunkhope chabe. Dalaivala nakamba naye kale."

Ndinaona zonse. Ndinaona kuti sankandiyang'ana m'maso, iwo amene nthawi zonse amayang'ana munthu mpaka atazolika. Ndinaona kuti dalaivala anamupeza asanandifunse ine. Ndinawafunsa mwakachetechete kuti ndi mafuta amtundu wanji. Anaseka mokweza kuti amayi a matebulo ena amve.

"Mwamumva uyu? Wayamba kunifunsa monga wapolisi! Nsapato zija za kusukulu, ine ninakufunsa mapepala?"

Anthu anaseka. Mtima wanga unkati ayi, mawu a mayi wa kubanki ankamveka m'makutu mwanga, koma pakamwa panga panatuluka kuti, "Chabwino, amayi."

Thiraki itafika paboda, a msonkho anaitsegula. Kuseri kwa nsomba anapeza makatoni ochuluka a mafuta oyeretsa khungu oletsedwa, pamodzi ndi mowa wa m'mabotolo wosalembedwa paliponse. Anaigwira thiraki yonse. Iwo sanalakwe, ankagwira ntchito yawo, ndipo dzina limene linali pamapepala linali langa.

Ndinakwera basi mpaka ku Sesheke, kubodako, kumene thiraki inagwidwira. Inali nyengo yotentha ija mvula isanagwe. Makina oziziritsa m'thiraki amayendera dizilo, ndiye ndinkagula dizilo m'zigubu tsiku ndi tsiku uku ndikuyenda m'maofesi kupempha. Masana ena makinawo anakhosomola n'kuzima. Makanika wa kumeneko anayesa, koma chitsulo chofunika chinalibe. M'mawa mwake madzi anayamba kudontha pansi pa chitseko cha thiraki, poyamba oyera, kenaka ofiira. Ntchentche zinabwera. Madalaivala a mathiraki ena anasuntha magalimoto awo atatseka mphuno. A zaumoyo atabwera analamula kuti nsomba zonse zikwiriridwe, ndipo ndinaima padzuwa ndikuonerera katapila akukumba dzenje. Misozi siinatuluke.

A inshuwalansi anakana kulipira chifukwa m'thiraki munali katundu wosalembedwa. Panalinso chindapusa cha kuboda ndi mwini thiraki wofuna zake. Nditabwerera ndinapita ndi nkhaniyi kwa tcheyamani wa chigawo chathu cha msika. Bamake Chipo ataitanidwa anaomba m'manja modabwa.

"Makatoni ya bwanji? Pali pamene ninalemba dzina langa ine? Mwana uyu ninamudyetsa na manja yanga, lelo afuna kunimangitsa!"

Dalaivala anali atasowa kale. Amayi amene anaseka tsiku lija anangoweramira nsomba zawo. Ine ndinaima pakati pawo ngati kamwana kaja ka pansi pa tebulo.

A banki sanathamangire kulanda. Anandionjezera nthawi, ndipo mayi uja ankandiimbira kufunsa ngati pali njira ina. Ndinagulitsa mafiriji onse, tebulo ndinasiyira wina, koma sizinakwane. Pa nthawi yonseyi ambuya sindinawauze kanthu. M'mawa uliwonse ndinkanyamuka ngati ndikupita kumsika, ndipo iwo akafunsa za thiraki ndinkati yachedwa panjira. Anadziwa tsiku limene anthu otumidwa ndi banki anabwera kudzayeza nyumba kuti aone mtengo wake. Ine kunalibe. Ambuya anaganiza kuti ndi a khonsolo, anawatulutsira mipando ndi madzi akumwa, n'kuwaonetsa okha zipinda zonse ndi mtengo wa mango umene amuna awo anabzala. Mmodzi wa anthuwo ndiye anawauza.

Nditafika ndinawapeza atakhala pakhonde, makapu aja akadali pansi. Ndinagwada n'kuwauza zonse. Ndinkayembekezera kuti andikalipira monga mwa masiku onse, ndipo ndikanakonda akanatero. Anangondifunsa ngati ndadya.

Nyumba inagulitsidwa. Tsopano tikukhala m'chipinda chimodzi cha lendi cha ku bwalo la ndege, kumene ndimachapa zofunda m'nyumba ina yogona alendo imene kale ndinkaperekako nsomba. Chisamukireni ambuya anasintha. Kukalipa kuja kunatha, ndipo mutu wawo unayamba kusokonekera. Amaganiza kuti tabwera kudzacheza kwa anthu. Sakufuna kumasula mtolo wa zovala zawo. Ndikaweruka ndimawapeza atamanga duku, ndodo ili m'manja, atakhala pafupi ndi chitseko.

"Tacheza pakwana, eni ake atopa nafe. Tiye kunyumba, mvula ingatipeze."

Ine ndimayankha kuti tipita mawa.

Inu owerenga, ngongole imeneyi si yoipa. Inanditsegulira khomo limene ambuya anagogodapo moyo wawo wonse osalowa, ndipo anzanga ena amene anaitenga akuyenda bwino. Koma dziwani kuti thiraki yolipiridwa ndi banki si ili ngati galimoto ya mnzanu wa pamsika. Chilichonse chimene chakweramo chakwera pa dzina lanu ndi pa chikole chanu. Lankhulani ndi dalaivala wanu ulendo usanayambe, ndipo mumuuze kuti chitseko chisatsegulidwire munthu aliyense. Zinthu zikavuta, uzani mwini chikole tsiku lomwelo, asadzamve kwa alendo. Amene anakuchitirani zabwino muli mwana muthokozeni, mugulireni shuga, mukamuone akadwala, koma katundu wake ayende ndi mapepala ake. Adzakusekani pamsika, adzakutchani wodzikonda, mwina sadzakupatsaninso moni. Zimenezo munthu amapirira. Chimene sindikudziwa kupirira kwake ndi kunamiza nkhalamba tsiku lililonse kuti mawa tipita kwathu.