Dzinja Limene Amayi Anandilira pa Kaseti

Kaseti ija inali yofiira, yobenthuka pakona, ndipo amalume ankaibweza ndi bolopeni poopa kutha mabatire. Amalume ankayeza tiyi pasikelo ya pa esiteti, koma mtima wawo wonse unali ku gulu lawo la zisudzo. Sewero likayandikira, ankajambula tizidutswa take tokoma, n'kumanga wailesi ndi chimkuzamawu panjinga. Akatero ankazungulira m'malayini a nyumba za antchito ndi m'minda kuti anthu alaweko, adzabwere ku holo Lamlungu.

Dzinja limenelo ine ndinkadwaladwala malungo, ndipo ndinaonda ngati phesi. Ndimakumbukabe fungo la tiyi wamuwisi pachitenje cha amayi, ndi dzanja lawo lozizira pachipumi panga, dengu asanatule n'komwe.

Sewero latsopano la amalume linali ndi maliro, koma atsikana a m'gulumo akati alire ankangofa nacho chiseko. Amalume atatopa nawo anabwera kwathu ndi wailesi yawo.

"Achemwali, tangondilirirani pang'ono. Ganizirani chinthu chimene mumachiopa."

Amayi anali munthu wofatsa, wosakweza mawu ngakhale poimba pa Sabata. Anakana, anakananso. Kenako anayang'ana pamphasa pomwe ndinagona, n'kuyamba. Sipanafunike kubwereza.

Amalume ndimawakonda mpaka lero, koma nzeru zawo zinkathamanga kusiya mutu m'mbuyo. Anaika kulirako koyambirira, mawu oitanira anthu kumapeto. M'mawa mwake amayi anatsala pakhomo kundiyang'anira, njinga ya amalume n'kulowa m'munda kaseti ikulira. Azimayi otchola tiyi anawazindikira mawuwo nthawi yomweyo. Kwathu mayi akalira chotero sufunsa, umasiya chimene wagwira. Madengu anatsala m'mizere, akapitawo anavula chipewa, ndipo gulu lonse linatsetsereka kubwera kwathu likulira. Palibe anadikira kumva za holo.

Anandipeza pakhonde ndikudya nthochi yootcha.

"Iii, maliro ake ndi amene akutafunawa?" anatero mayi wina, misozi ikadali m'masaya. Ena anakhala pansi n'kuseka, ena anathamangitsa amalume ndi nthyole mpaka kumsewu.

Lamlungu holo inadzaza, anthu mpaka m'mawindo. Amayi okha ndiwo sanapite. Ine nditachira ndinkayenda monyada, kuuza aliyense kusukulu kuti esiteti yonse inandilira ndili moyo. Tsiku lina ndinabwera ndi anzanga kunyumba, n'kupempha amayi kuti alirenso ngati pa kaseti paja, anzangawo amve okha.

Amayi anasiya mbale zomwe ankatsuka. Anandikumbatira ndi manja onyowa, mwamphamvu mpaka nthiti kuwawa.

"Usadzandipemphenso zimenezo, wamva?"

Ndinakwiya, chifukwa anandichititsa manyazi pamaso pa anzanga. Ine ndinkangodziwa kuti amayi anga amatha sewero kuposa atsikana onse aja. Sindinkadziwa kuti tsiku lija iwo sankasewera.