Makadi a amalume m'nyengo ya mwera

Makadi aja ankakhala m'kachitini ka fodya, omangidwa ndi mphira wa chubu cha njinga. Anali atafewa ngati nsalu, ndipo ankanunkha utsi. Amalume anabwera nawo kuchokera ku Tanzania, kumene anathawira ine ndisanabadwe. Anabwerako chaka chimene anthu anavotera zipani zambiri, othawa kwawo ataloledwa kubwerera. Ndinali mtsikana wa zaka khumi.

Inali nyengo ya mwera. Mabwato anali pamtunda, amuna akungosoka maukonde. Amalume analibe ukonde. Ankayala mkeka kuseri kwa nyumba, kumene mphepo sinkafika, pafupi ndi thandala la chinangwa choviika, n'kumasewera okha. Mpaka lero ndikamva fungo lowawasa lija ndimaona manja awo.

Amayi sanakondwe nazo. "Njuga ndi haramu, achimwene," anatero.

"Njuga imafuna anthu awiri, mlongo. Ine ndili ndekha."

Malamulo ake ndinawaphunzira nditakhala pamkeka pomwepo. Umayala milu isanu ndi iwiri: woyamba khadi limodzi, wachiwiri makadi awiri, mpaka womaliza asanu ndi awiri, onse ovundikira kupatula lapamwamba. Lofiira limagona pa lakuda, lakuda pa lofiira, manambala akutsika: sikisi pa seveni, seveni pa eyiti. Eyisi akaoneka amakwera pamwamba, ndipo makadi a mtundu wake amamutsatira, kuyambira thuu mpaka kingi. Mulu ukatha, pamalo pake pamakhala kingi yekha. Otsala m'manja umavundukula atatuatatu. Onse akakwera pamwamba, wapambana.

Nzeru zake ankandiuza pang'onopang'ono. "Yamba wafukula mulu wautali, ndi umene wabisa zambiri." "Usasese malo ulibe kingi." "Usathamangire kukweza makadi, faifi amene wakwezayo umufuna kuti folo agonepo." Ndinkayesa kuti ndi matsenga. Tsopano ndimaona kuti kunali kudekha chabe.

Amalume pothawa anasiya mkazi ndi mwana wamkazi woyamba kumene kuyenda. Mkaziyo anadikira, kenako anakwatiwa ndi bambo wina wogwira ntchito kuminda ya nzimbe ku Dwangwa. Amayi ankafunsa m'mawa uliwonse kuti akamuona liti mwanayo.

"Tsiku limene makadiwa adzakwere onse," ankayankha choncho, akuseka.

Anapita masabata atatu, makadi osakwera.

Tsiku lina m'mawa amalume anayamba kusonkhanitsa makadi, akuti masewera atsekeka. Ine ndinaona sikisi wakuda ali pamwamba pa mulu wautali, seveni wofiira ali poyera.

"Amalume, sikisi uyo."

Anamuyang'ana nthawi yaitali, kenako anamusuntha. Pansi pake panali eyisi amene tinkamusowa. Makadi anayamba kukwera motsatana mpaka kingi womaliza. Ndinaomba m'manja. Amayi anamva ali m'khitchini, ndipo anaika makala m'simbi n'kuwasitira amalume malaya.

Mawa lake amalume anakwera minibasi ya ku Dwangwa ndi kaphukusi ka pepala m'khwapa. Anabwerako nthawi ya swala ya alasiri, pemphero lathu la chakumadzulo, isanakwane, kaphukusi kali m'khwapa momwemo. Anakhala pakhonde, nsapato osavula.

"Wakula kukuposa iwe, mlongo," anawauza amayi. "Anandigwadira, kundipatsa moni bwinobwino. Kenako anati ndidikire akaitane bambo ake."

Amayi analowa m'nyumba. Amalume anandiitana n'kundipatsa kaphukusiko. Munali diresi yachikasu ya mabatani oyera, imene anagulira mwana wawo uja iwo akadali ku Tanzania, mongoganizira msinkhu. Ine inandikwana ndendende.

Ndinaivala sabata yonse, ku madirasa ndi kudambo kothamangitsa mbalame mumpunga. Aliyense wondifunsa ndinkamuuza kuti ndi mphoto yanga, chifukwa ndinaona khadi limene amalume sanalione. Sizinandifike m'mutu kuti munthu amene wasewera yekha zaka zonse zija sangaphonye sikisi wakuda ali pafupi ndi chala chake.