Boti losoka la ku Doornfontein

Ndinaganiza zopita ku Joni nditatopa kuona bambo anga akungokhala. Anali mmisiri wosema mabwato ku Kachulu, koma mitengo ikuluikulu itatha anapachika kasemasema, nkumangowothera dzuwa. Utelala wanga wa pakhonde sukanatidyetsa tonse.

Ku Doornfontein ndinapeza ganyu m'shedi ina yopanga maboti a pulayiwudi. Mmisiri wake anali a Mbewe, mkulu wobadwira ku Zimbabwe, amene kwawo ku Dedza ankangokumva m'nkhani. Koma manja amenewo! Ankaboola timabowo m'mbali mwa matabwa, nkumalumikiza ndi waya wa kopa, matabwa afulati aja nkupindika okha kukhala boti. Akamata guluu wosakaniza ndi utuchi m'mizere monse, nkuuma, waya uja ankamuzula. Ine ndinkangoti kukamwa yasa.

Atamva kuti ndine telala anandipatsa pulayasi, chopanira waya. Ndinasoka mwautelala, kukoka mfundo iliyonse kuti ndi, kuyambira yoyamba. Pofika kumapeto boti linali litapotoka.

"Eish, telala, ili si thalauza," anatero akuseka. "Uzisiya waya lusi, osamangitsa. Matabwa ayambe agwirizana, ndiye uzimanga."

Anadula waya yense osakalipa, kenaka anandionetsa kuyeza ndi chingwe kuchokera kumphuno kwa boti kufika ngodya zakumbuyo. Ndinawakonda mkulu ameneyu, sindibisa. Ndalama zinkathera lendi ndi zotumiza kumudzi, ndipo Lamlungu m'kachipinda ka ku Joubert Park ndinkasowa wolankhula naye, koma Lolemba ndinkalilakalaka.

Pafoni ndikawafotokozera bambo, ankangoti, "Bwato losoka? Ukwere wekha." Zinkandiwawa, chifukwa chimene ndinkafuna nchakuti adzagwirenso ntchito.

Nditabwerera kumudzi, patatha zaka zisanu ndi chimodzi, ndinagula pulayiwudi ku Limbe nkuyamba kusoka pabwalo. Anthu anadzaza kudzaseka. Bambo anakhala pampando wawo chapatali, ngati sizikuwakhudza. Tsiku lachitatu ndinayeza ndi chingwe, zonse zili bwino, ndipo ndinatsegula chitini cha guluu.

"Usamate," anatero bambo.

Anadzuka, nanjuta kumphuno kwa boti, natsinzina diso limodzi.

"Mimba yakumanzere yatupa. Lizikokera kumodzi ili."

Ndinayeza pakati, pomwe chingwe changa sichinadutse. Zinali zoona, kusiyana kwake chala chimodzi. Ndinachita manyazi, komanso ndinanyada. Ine ndinakasirira luso kutali, ndikuyesa kuti la kwathu linatha ndi mitengo.

Ndinamasula mawaya anayi, iwo akukankha thabwa ndi bondo mpaka anati basi. Nditati ndimange, anatambasula dzanja.

"Bweretsa kuno chopaniracho. Iwe pita ukasakanize guluu wakoyo."