Pepala la a Kalinde

Achimwene athu a Mathero sukulu sadaiponde, koma ntchito yawo inali ya mapepala. Mzungu wa munda wa thonje kufupi ndi Likoswe adawatenga kuti azisamala kachipinda ka kuseri kwa ofesi, momwe munkakhala mapepala a thangata. Mwamuna aliyense wokhala pamalo a mzunguyo anali ndi pepala lake. Kalaliki, a Bakali a ku Ndunde, ankawawerengera dzina, iwo n'kuliloweza ndi maso: ili long'ambika m'mphepete ndi la uje, ili lodontheredwa inki ndi la uje. Ankamanga ndi luzi, mudzi uliwonse mtolo wake, n'kusanja pamatabwa, pansi n'kuwaza phulusa kuopa chiswe.

Chimodzi adachiyambitsa okha. Munthu akamwalira, pepala lake ankalisolola pamtolo wa amoyo n'kukaligoneka pathabwa la kumadzulo. Ankati wakufa sagona m'mudzi. A Bakali ankaseka, thabwalo n'kulitcha kumanda.

Ndiye adamwalira atsibweni athu a Kalinde. A Mathero adagoneka pepala lawo kumadzulo kuja ndi manja awo. Titameta, akuluakulu adawalowetsa dzina poti ndiwo anali mphwawo wamkulu, ndipo kuyambira pamenepo Mathero panalibenso, anali a Kalinde. Atakanena ku ofesi, mzungu adati dzina limodzi pepala limodzi. Adang'amba la Mathero, n'kulamula kuti la malemu lomwelo likhale lawo.

Apa mpamene padavuta. Pepalalo aliike pati? Akaliika kwa amoyo, ndiye kuti agoneka maliro pakati pa alamu awo ndi anzawo a ku Likoswe. Akalibweza kumadzulo, ndiye kuti adzigoneka okha. Adangoliika pawindo n'kulipsinja ndi mwala.

"A Kalinde, mwadzuka kuti lero, kumudzi kapena kumanda?" ankatero a Bakali akamafika.

Poyamba achimwene ankabweza kuti kalaliki ndi chiswe mpachibale, onse amadya mapepala. Kenako adasiya kuyankha. Adauza akazi awo a Nabanda kuti masana, dzuwa lili paliwombo, akatsala okha m'kachipindamo ankamva fungo la fodya wa atsibweni, ndi munthu akupuma kumbuyo kwawo ngati mlendo amene akudikira kuti amuonetse pogona.

Tsiku lina mzungu adaliona pepala lija pawindo. Adakalipa kuti likhale pamtolo dzuwa lisanalowe, apo ayi a Kalinde achoke pamalo pake, nyumba ndi dimba asiye.

Achimwene adatsitsa mtolo wa ku Likoswe n'kumasula luzi. Pamwamba penipeni panali la alamu awo a Sabiti, amene akazi awo anali ndi pathupi. Adaliyang'ana nthawi yaitali, n'kumanganso mtolowo mmene udaliri. Pepala lawo adakaligoneka kumadzulo. Atafika kunyumba adauza a Nabanda okha.

"Bola ine, Nabanda. Dzinali ndidalivomera ndekha."

Kuntchito ankapitabe, kusesa, kusanja, kumanga. Koma adayamba kusamba m'manja asanagwire mitolo ya amoyo. Panjira ankayenda m'mbali, ndipo ukawapatsa moni ankachedwa kuyankha, ngati akudabwa kuti wawaona. Chifuwa chidawagwira chimanga chikumasula. Mankhwala tidakumba, tidafika nawo mpaka kwa sing'anga wa kwa Mpama, koma iwo ankangomwa kuti tisadandaule. Zokolola sadazione.

A Bakali adabwera kumaliro maso ali psuu. Adauza a Nabanda kuti atamva uthenga adalowa m'kachipinda muja kuti awachitire malemu zimene iwo ankachitira ena, asolole pepala lawo pakati pa amoyo. Adamasula mtolo wa ku Likoswe, kufufuza limodzilimodzi mpaka pansi, osalipeza. A Nabanda adawauza kumene lidali, ndi chifukwa chake. A Bakali adakhala pansi pomwepo padothi, chipewa chili m'manja, ndipo sadadzuke mpaka maliro adanyamuka.