Mtima wa Pakati pa Bwalo

A Kapinga si dzina lawo la ubatizo, koma ngakhale akazi awo amawaitana choncho akapsa mtima. Ndiwo amasamalira bwalo la timu yathu ya mpira. Analipeza lili fumbi lokhalokha, moti komiti yoyendera mabwalo inaliletsa, timu n'kumakasewerera masewero ake apakhomo pabwalo la eni ake. Bambowa anadzala kapinga ndi manja, phata ndi phata, kuthirira ndi payipi yomangamanga ndi mphira, kukalipira mbuzi, ana asukulu ndi osewera omwe. Chimene ankafuna n'chimodzi: komiti ibwere, ione, ilole timu kusewera kwawo.

Komiti itatsala pang'ono kubwera, kunafika a filimu.

Filimu yake inali yachikondi, yoseketsa: goloboyi agwa m'chikondi ndi mtsikana woyimbira mpira amene anamutulutsa m'bwalo ndi khadi yofiira. Otsatsa filimuyo ankafuna chithunzi chojambulidwa kuchokera m'mwamba, awiriwo atagona chagada m'kati mwa mtima waukulu wofiira, pakati penipeni pa bwalo. Anawabweretsa ndi mlembi wa timu, mlamu wawo wa a Kapinga, munthu wovala tayi ngakhale popita kokameta.

"Alamu, alendo awa abwera kudzatitchukitsa," anatero mlembi.

A Kapinga sanaone nkhope ya mlendo aliyense. Maso anali pa gogoda za mayi wotsogolera gululo, zimene zinkaboola udzu ngati akudzala mbewu.

"Mayi, vulani zimenezo."

"Pepani bambo, mwati?"

"Ndati vulani. Pano si pa ukwati."

Mayiyo anaseka, nati bambowa ndi anthabwala, akanayenera kukhala m'filimu. A Kapinga anati mtimawo ajambula okha ndi laimu, amene amachoka ndi madzi. Mayi anati laimu ndi woyera, ndipo mtima woyera sukopa munthu. Nkhani inapita ku komiti ya timu, yomwe inakambirana mozama n'kugwirizana kuti chikondi n'chofiira. Tsiku lojambula, mlembi anatuma mlamu wake kukasankha payipi yatsopano. Pobwera, payipi ili paphewa, anapeza penti wa oyilo, wopaka pazitseko, atamwazidwa pa udzu wawo, mtima wake waukulu woti basi yathunthu n'kukhotamo.

Zimene analankhula masana amenewo sizilembeka. Mlembi anazimvera ali m'chimbudzi cha osewera, atakhoma.

Udzu unafa pansi pa penti. A Kapinga anapala ndi khasu, kudzalanso, ndipo chifukwa cha mantha a komiti anathira feteleza ndi manja awiri, pachilonda pokhapo. Akazi awo anawapeza atagwada pamenepo.

"A Kapinga, zaka zonsezi ine simunandijambulireko ngakhale kamtima pafumbi. Lero mukugwadira mtima wa eni ake?"

"Mayi, mukafunse mchimwene wanu wa tayiyo. Ine ndisiyeni."

Udzu unaphuka. Unaphuka mopitirira. Mtima unabwerera uli wobiriwira biriwiri, wonenepa, bwalo lonse lozungulira likuoneka ngati likudwala.

Komiti yoyendera mabwalo inafika ndi tepi. Inayeza magolo, inasuzumira m'zimbudzi, kenako inaima m'mphepete mwa mtima, manja kumbuyo, ngati ili pamanda.

"M'malamulo a mpira mulibe mtima," anatero wapampando.

"Bwana, ndi udzu womwewo! Ugwireni!"

"Udzu tauona, bambo, ndi wabwino. Koma woyimbira akasokonezeka, adzayankha ndani? Bwalo likhale la mtundu umodzi, mudzatiitane."

A Kapinga anaponya chipewa pansi, n'kuchitola msanga poopa kuti chipsinja udzu.

Filimu inatuluka. Akuti anthu anaseka. A Kapinga sanakaonere, ndipo chithunzi chake chimene anamata pageti anachigwiritsa ntchito pokutira chitini cha mafuta a makina otchetchera. Koma chithunzicho chinali chitafika kale pa foni ya aliyense. Tsopano Loweruka lililonse, timu ikamakwera basi kupita kumasewero ake apakhomo, pabwalo pamafika akwati, aperekezi ndi gogoda zawo, kudzajambulitsa m'kati mwa mtima. Komiti ya timu inakhalanso pansi. Inagamula kuti feteleza azigulidwa wa mtima wokha, ndipo a Kapinga anakwezedwa pa udindo: tsopano ndi Woyang'anira Mtima.

Feteleza amalandira, inde. Koma m'kati mwa mtima sathiramo ngakhale kambewu kamodzi. Amamwaza kunja, m'mphepete, akutukwana chapansipansi.

Posachedwapa mlembi anaima pa mzere wa bwalo, akupukusa mutu.

"Alamu, kodi mtimawu sukunenepa?"

"Ukunenepa."

"Nanga uleka liti?"

A Kapinga analoza golo ya uko ndi golo ya uku.

"Ukakafika apo ndi apo, mukaitane komiti yoyendera mabwalo ija."